Tileke Kunamizila Kapito

Funsani mnyamata kapena mtsikana aliyense wa ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika cimene cinagwetsa kantemba kake. Yankho n'limodzi: "Kapito inacepa." Ife tikukana. Ambili a ife kapito tinaidya tokha, ndipo tinaidya tikumwetulila.

Tiyeni tiwelengele pamodzi. Tinene kuti mwaoda katundu wa K1,000 ku Down Shops, mwagulitsa yense pa K1,300. Yanu ni K300 cabe, ndipo pomwepo mucotsepo ya njinga yonyamula katundu na levi ya pamsika. Koma ife tikaona K1,300 m'thumba timayamba kuyenda ngati abwana. Ya ndiwo icoka pomwepo, ya mabandulo pomwepo, ya kubecha mpila wa ku England pa Ciwelu pomweponso. Pofika tsiku la oda kwatsala K700, ndiye tithamangila kaloba. Kuyambila tsiku limenelo tikugwilila nchito mwini kaloba.

Ndiye pali nkhongole za acibale, zimene timaopa kuzichula. Amalume atenga shuga, "tidzaonana pakutha kwa mwezi." Alamu atenga saladi. Sitilemba, cifukwa akuti kulemba dzina la amalume m'buku n'kupanda ulemu. Nanga ulemuwo uli kuti pamene amalume omwewo ayamba kuzungulila njila ina, ndalama zawo n'kukagulila pa kantemba ka mnzathu? Kukana mwaulemu kulipo: "Pepani amalume, katunduyu si wanga, ni wa oda." Ndipo si bodza.

Ena adzati boma litithandize coyamba. Cabwino. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo mbali ina ni yothandiza magulu a acinyamata na azimayi. Tipemphe ndithu, ni ndalama zathu. Koma gulu limene silidziwa kuti dzulo linagulitsa zingati lidzadya K50,000 monga mmene linadyela K1,000. Kusiyana kwake, lidzayambananso.

Nc'wala ikubwela kumapeto kwa February, ndipo ambili tidzakwela ulendo wa ku Mtenguleni na makatoni a madzi, zakumwa na vitumbuwa. Tisananyamuke, tigule kabuku ka ana a sukulu. Tsamba lakumanzele tilembe zonse zimene tagula, pamodzi na ya thilansipoti. Lakumanja tilembe zimene tagulitsa. Ndalama ya oda tiiike pa foni, ku Airtel Money kapena ku MoMo, tisanakhale pansi kudya nyama yowocha.