Walira mvula walira matope, ngakhale pakati pa nyenyezi

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ankatiphunzitsa kuti chabwino chilichonse chili ndi mtengo wake. Nzeruyi sinalephere ngakhale m'nkhani zopeka za anthu oyenda pakati pa nyenyezi.

Mu Star Trek: The Next Generation, kanema wa ku America amene anayamba kuonetsedwa mu 1987, muli makina otchedwa replicator. Kaputeni Jean-Luc Picard amangonena kuti akufuna tiyi wotentha, kapu n'kutulukira pomwepo. Palibe wotunga madzi, palibe wosonkha moto. Ndani sangasirire?

Komatu olemba nkhanizi anawaikira malire makinawo. Makinawo salenga kanthu. Amatenga zinthu zosungidwa kale m'chombo cha m'mlengalenga n'kuzisanja mwatsopano, ndipo amadya mphamvu zochuluka. N'chifukwa chake mu Star Trek: Voyager, yomwe inayamba mu 1995, chombo chitasochera kutali ndi kwawo, aliyense anapatsidwa mlingo wogwiritsira ntchito makinawa. Mmodzi wa a m'chombomo, Neelix, anayamba kuphika ndi mapoto, mnzake Kes n'kumalima ndiwo m'chipinda cha katundu. Zinthu zitavuta, anthu a nzeru zakuya anabwerera kwa mlimi ndi wophika.

Makinawa sapanga chamoyo. Sapanganso latinum, chinthu chamtengo wapatali cha m'nkhanizi, ndiye chifukwa chake a Ferengi, mtundu wa kudziko lina mu Star Trek: Deep Space Nine, amaigwiritsa ntchito ngati ndalama, golide n'kusanduka chokutira latinumyo chabe. Chimene aliyense angachitulutse mwa kungotsegula pakamwa sichigula kanthu pamsika. Ndipo ku New Orleans, bambo ake a Benjamin Sisko, mtsogoleri wa mu Deep Space Nine, amaphikabe ndi manja mu lesitilanti yawo, anthu n'kumabwera, chifukwa chakudya cha makina chimakoma chimodzimodzi tsiku ndi tsiku.

Sayansi yeniyeni ndiyo yokhwima koposa. Malinga ndi zimene Albert Einstein anapeza mu 1905, kuti mupange kilogalamu imodzi ya chinthu kuchokera ku mphamvu yokha, pafunika mayuniti a magetsi pafupifupi 25 biliyoni. Amene amagula mayuniti akudziwa kulemera kwa nambala imeneyi.

Nkhaniyi ikundikhudza chifukwa lero tikulonjezedwa zofanana. Akuti makina a 3D printer ndi nzeru za kompyuta zidzathetsa kusowa. Zida zimenezi n'zothandiza ndithu, koma 3D printer imafuna pulasitiki ndi magetsi, makompyuta akuluakulu amafuna madzi owaziziritsa, ndipo cobalt wa m'mabatire amakumbidwa kwambiri ku Democratic Republic of Congo ndi anthu okhetsa thukuta. Wodina batani saona amene walipira.

Tiyeni tilandire luso latsopano ndi manja awiri, koma tisagwetse khasu. Wina akatiuza za makina opereka zaulere, timufunse kuti mphamvu ichokera kuti, zipangizo akumba ndani, ndipo phindu lipita kwa yani. Dziko lofuna kudya zipatso za luso liyambe lamanga malo opangira magetsi, liphunzitse ana ake sayansi, lilemekeze alimi ake. Paja kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.