Nthaka ya ku Bvumbwe ndi Michere ya M'thupi

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo, akafika pa msika wa Bvumbwe, sangaganize kuti m'dera limeneli muli chosowa. Kabichi, tomato, mbatata ndi nthochi zimaunjikana m'mbali mwa msewu, ndipo kutsogoloko minda ya tiyi imangoti biriwiri chaka chonse. Komatu chakudya chochuluka sichikhala nazo nthawi zonse zimene thupi lifuna. Pali michere ina imene munthu amaifuna pang'ono chabe, monga ayironi wopanga magazi, kashiamu wolimbitsa mafupa, ayodini, zinki ndi seleniyamu, ndipo thupi silingathe kuipanga lokha. Imachokera m'nthaka, n'kulowa m'mbewu, kenaka m'mbale. Nthaka ikaimana, munthu amadya nakhuta, koma micherewo osaipeza.

Mchere wofunika kuunena makamaka ndiwo seleniyamu, pakuti dzina lake silidziwika kwa ambiri. Ntchito yake ndiyo kuteteza ziwalo kuti zisaonongeke, kuthandiza thupi polimbana ndi matenda, ndi kuyendetsa bwino chiwalo cha pakhosi chija chimene chikatupa amati chithokomiro. Munthu wamkulu afuna mamaikulogalamu 55 okha pa tsiku, muyeso umene diso silingauone. Ngakhale uli wochepa chotero, magazi amene anatengedwa pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016 anaonetsa kuti amayi oposa 60 mwa 100 alionse a msinkhu wobereka analibe seleniyamu wokwanira. Kusowa kwa zinki nakonso kunapezeka mwa anthu pafupifupi 60 mwa 100.

Gwero la vutoli lili pansi pa mapazi. Dothi lakatondo la kumtunda, lokhala ndi asidi wambiri, ndilo limene tiyi amakonda, ndipo n'chifukwa chake Thyolo ndi Mulanje adatchuka ndi mbewuyi. Koma dothi lomwelo limamanga seleniyamu kotero kuti mizu ya chimanga imalephera kumukoka. Dr. Allan Chilimba, amene pa nthawiyo anali katswiri wa za nthaka wa ku Unduna wa Zamalimidwe, pamodzi ndi anzake a ku University of Nottingham, anafalitsa mu 2011 zimene anapeza atayeza chimanga cha m'madera ambiri a Malawi. Chimanga cha m'dothi lamakande la ku Chigwa cha Shire chinali ndi seleniyamu wochuluka mpaka kakhumi poyerekeza ndi cha m'madothi ena. Motero banja la ku Ngabu ndi banja la ku Bvumbwe, ngakhale onse adye nsima yofanana maonekedwe ndi kukoma, sadya chinthu chimodzi.

Chosangalatsa n'chakuti mankhwala a vutoli anayesedwa pa Bvumbwe pomwepo. Pakati pa 2008 ndi 2010, pa malo a Boma ofufuzira zaulimi a Bvumbwe, Makoka, Chitedze ndi ena, akatswiri omwewo anathira seleniyamu m'minda ya chimanga, wina pomusungunula m'madzi, wina pomusakaniza ndi feteleza. Chimanga chinamulandira ndithu, ndipo akawonjezera muyeso, wa m'njere nayenso ankakwera. Anawerengera kuti magalamu 5 okha pa hekitala angakweze kwambiri seleniyamu amene munthu wodalira nsima amadya pa tsiku. Magalamu 5 ndi ochepa ngati mchere wa pa kasupuni ka tiyi. Pambuyo pake, mu 2019, mabanja a kwa Wimbe ku Kasungu anapatsidwa ufa wa chimanga cholimidwa motere, ndipo patapita masabata owerengeka seleniyamu wa m'magazi a amayi anakwera pafupifupi kawiri.

Njira imeneyi si yachilendo pa dziko lapansi. Dziko la Finland, limene nthaka yake ilinso yosauka pa mcherewu, linayamba kuika seleniyamu mu feteleza mu 1984. Kuno kwathu nakonso chitsanzo chilipo. Lamulo la 1995 linalamula kuti mchere wa m'ndiwo uzikhala ndi ayodini, ndipo aphunzitsi akale, amene ankaona ana ndi amayi otupa pakhosi m'midzi, angachitire umboni kuti zithokomiro zinachepa. Palibe mayi amene anauzidwa kusintha kaphikidwe kake. Anangogula mchere monga mwa nthawi zonse. Ubwino wa feteleza uli womwewo, chifukwa mlimi sasintha mbewu, kalimidwe kapena kadyedwe.

Ena adzati anthu angophunzitsidwa kudya zakasinthasintha. Mawuwo ndi oona, ndipo aphunzitsi ndi alangizi asaleke kuwanena. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe amapatsa kashiamu ndi seleniyamu. Mgaiwa umasunga ayironi ndi zinki amene ufa woyera umataya pokonola ndi poviika. Ndipo tiyi womwera limodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, chinthu chimene anthu a m'boma lolima tiyi ayenera kuchidziwa koposa onse. Koma wothyola tiyi amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati sangagule nsomba tsiku ndi tsiku, ndipo ndiwo zamasamba za m'dimba lake zamera m'nthaka yomwe ija yomana seleniyamu. Uphungu wokha sungamufikitse patali.

Boma lili kale ndi chida m'manja. Kuyambira 2005 lakhala likuthandiza alimi ang'onoang'ono kugula feteleza pa mtengo wotsika, ndipo ndilo limanena zimene ziyenera kukhala m'thumba limene likugula. Feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S atasinthidwa kukhala 23:10:5+6S+1Zn, zinki analowa m'thumba mwa njira imeneyi. Chotero kuwonjezera seleniyamu sikufuna ofesi yatsopano kapena antchito atsopano, koma mzere umodzi m'chikalata choitanitsira feteleza, ndi kuti Unduna wa Zamalimidwe ndi wa Zaumoyo ugwirizane pa muyeso wake.

Chenjezo limodzi lokha lisaiwalike. Seleniyamu akachuluka amasanduka poizoni, amathothola tsitsi ndi kuononga zikhadabo, ndipo malire a munthu wamkulu ndi mamaikulogalamu 400 pa tsiku. Pa chifukwa chimenechi asaperekedwe kwa mlimi m'kapepala kuti athire yekha. Asakanizidwe ku fakitale, bungwe la Malawi Bureau of Standards liziyeza matumba asanagawidwe, ndipo feteleza wotereyu alunjike ku madera a dothi la asidi monga Thyolo ndi Mzimba, osati ku makande a ku Chikwawa kumene chimanga chili naye kale wokwanira.