Mapulasitiki owola asagonetse anthu tulo

Aliyense amene adathyolapo phesi louma kapena kuwaza nkhuni akudziwa kuti zomera zili ndi kena kake kozilimbitsa. Akatswiri a sayansi amakatchula kuti lignin. Ndi ngati ulimbo womata timinyewa ta mtengo kuti uime chilili. Kumafakitale opanga mapepala, lignin amatsala wambirimbiri ndipo wochuluka amangotenthedwa ngati nkhuni, chifukwa ndi wovuta kumuphwanya kuti apangire zinthu zina.

M'chaka cha 2019, akatswiri a pa yunivesite ya Wisconsin-Madison ku America, motsogozedwa ndi Daniel Noguera ndi Tim Donohue, adalengeza kuti apeza njira. Iwo adatenga tizilombo tam'nthaka tosaoneka ndi maso, totchedwa Novosphingobium aromaticivorans, timene timadya zidutswa za lignin. Adachotsa tizigawo titatu pa malangizo a chibadwa chake kuti tizilomboti tikadya, tisamalize kugaya. Chotsalira pa kugayako ndi mankhwala otchedwa PDC, omwe angathe kupangira mapulasitiki otha kuwola, m'malo mwa aja ochokera ku mafuta a pansi pa nthaka.

Ntchitoyi ndi yotamandika ndithu. Chinthu chimene chimathera pamoto chikasanduka katundu wamalonda, ndiye kuti nzeru zagwira ntchito.

Koma pali chiopsezo chakuti nkhani yokoma ngati iyi isanduke pobisalira. Dziko la Malawi lidaletsa majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 60 m'chaka cha 2015. Makampani opanga majumbowa adathamangira kukhoti, mpaka khoti lalikulu la apilo lidagamula mu 2019 kuti chiletsocho n'chovomerezeka. Zaka zonse zokokanakokanazo, majumbo ankatseka ngalande, kuyandama mu mtsinje wa Mudi ndi wa Lilongwe, komanso kupezeka m'matumbo a mbuzi ndi ng'ombe. Tsono wina asabwere lero n'kumati lamulo lifewe poti mapulasitiki owola ali m'njira.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kupanga PDC m'chipinda choyeseramo zinthu n'kosiyana ndi kupanga matani ambiri pamtengo woti mayi wogulitsa tomato pamsika wa Limbe angakwanitse. Lignin ayenera kuyamba waphwanyidwa ndi mankhwala tizilombo tisanamudye, ndipo zonsezi zimalira ndalama. Komanso mawu akuti "owola" asapusitse munthu. Mapulasitiki ambiri otere amawola msanga pokhapokha pali kutentha ndi chinyezi choyenera, osati akangotayidwa m'mbali mwa msewu.

Palinso funso la komwe lignin adzachokere luso limeneli likadzafika kuno. Zotsalira za kumafakitale, monga utuchi wa kumacheka a matabwa ku Chikangawa, n'zomveka. Koma mapesi a mlimi si zinyalala. Alangizi akhala akuphunzitsa kuti mapesi aziphimbira nthaka kuti isunge chinyezi ndi chonde. Kuwakokolola m'minda, kapena kugwetsa mitengo kuti fakitale ipeze chakudya cha tizilombo, kungakhale kuzima moto wa pakhonde poyatsa denga.

Choncho masukulu aukachenjede monga MUST ndi LUANAR atsatire kafukufukuyu mwachidwi, boma ligwiritse ntchito lamulo mosayang'ana nkhope, ndipo wopita kumsika anyamule dengu kapena chikwama chansalu. Tizilombo ta ku Wisconsin sitidzabwera kudzatola majumbo mu Mudi.