Mawaya Owongola Mano Ndi Odula: Makolo Aganize Bwino Asanalipire

M'madera a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Monkey Bay, Malindi mpaka ku Makanjira, makolo ambiri amadandaula mwana akamera mano osanjikizana kapena otulukira kunja. Ena anamva kuti m'mizinda muli mawaya owongola mano, amene madokotala amaŵatcha braces, ndipo afuna kudziŵa mtengo wake. Yankho lake ndi losafunika kubisa: chithandizo chimenechi ndi chodula, ndipo banja lochiyamba mopupuluma likhoza kutaya chuma chake osapindula kanthu.

Zifukwa zodulira ndi zomveka. Mawaya, tizitsulo ndi zomatira zake zimagulidwa kunja kwa dziko lino, ndipo mitengo ya katundu wotere inakwera kwambiri pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Madokotala odziŵa ntchitoyi ndi oŵerengeka, ndipo kaŵirikaŵiri amapezeka m'zipatala zolipira za ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chinanso n'chakuti ntchitoyi si ya tsiku limodzi. Mwana amavala mawaya kwa miyezi 18 mpaka 24, ndipo pa milungu 4 mpaka 8 iliyonse ayenera kubwerera kuti dokotala akaŵamange bwino. Kuchokera pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre pali mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Maulendo otere akhoza kuposa 12, ndipo pa ulendo uliwonse pamafunika ndalama zoyendera anthu aŵiri, chakudya, mwinanso malo ogona. Mawaya akachotsedwa, pamafunikanso kachipangizo kogwira mano kuti asabwerere mwakale.

Banja limene latsimikiza mtima liyambire ku chipatala cha boma ku Mangochi, kumene kupima mano n'kwaulere. Kumeneko likamva ngati vuto la mwanayo ndi lofunikadi mawaya. Likafika kwa dokotala wolipira, lipemphe kuti mtengo wonse ulembedwe pa pepala, kuphatikizapo kujambula, maulendo obwereza ndi kachipangizo komaliza kaja, ndipo lifunse ngati n'kotheka kulipira pang'onopang'ono. Amene ali pa ntchito ndipo ali ndi MASM ayambe afunsa ngati gawo lawo limalipira chithandizo chotere. Msodzi ndi mlimi asunge ndalama ku banki m'khonde kapena pa chipereganyu, mpaka zitakwana zoyambira ndi zoyendera. Msodzi akumbukirenso kuti ndalama zimachepa nyengo ya mwera ndiponso pamene nyanja yatsekedwa, koma tsiku loonana ndi dokotala silidikira usipa.

Njira ziŵiri ndi zoyenera kuzipeŵa. Yoyamba ndi katapila, kapena kugulitsa bwato ndi ukonde zimene zimadyetsa banja lonse. Ndalama zikatha ntchito ili pakati, mawaya amangokhala m'kamwa osayang'aniridwa, zakudya zimakanirira m'tizitsulo, ndipo mano amabowoka. Yachiŵiri ndi mawaya otchipa oikidwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyi. Mawaya otere amatupitsa usinini, amagwedeza mano, ndipo nthaŵi zina dzino labwinobwino limaguluka.

Komabe njira yotchipa koposa zonse ili pakhomo, pakuti m'mera mpoyamba. Mwana amakhala ndi mano oyamba 20, ndipo munthu wamkulu amakhala ndi 32. Makolo ambiri amati mano oyamba alibe ntchito popeza adzaguluka okha. Maganizo ameneŵa ndi olakwika. Dzino loyamba lililonse limasungira malo dzino lachikulire limene likukula pansi pake. Likawola n'kuzulidwa nthaŵi yake isanakwane, mano oyandikana nalo amasendera pa mpatawo, ndipo dzino latsopano posoŵa malo limamera mokhota. Kuguluka kwa mano oyamba kumachitika pakati pa zaka 6 ndi 12. Pa zaka 6 pomwepo, kumbuyo kwa mano onse kumamera dzino lalikulu lachikulire limene silidzameranso likazulidwa.

Choncho mwana azitsuka mano kaŵiri pa tsiku, m'maŵa ndi pogona, ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo wamng'ono athandizidwe ndi kholo lake. Maswiti, mabisiketi, zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa shuga wambiri zichepe. Mwana wopitirira zaka 4 asiyitsidwe mwachikondi kuyamwa chala, chifukwa chala chimakankhira mano akutsogolo kunja. Dzino likayamba kuda kapena kuŵaŵa, apite naye ku chipatala msanga kuti likamatidwe lisanafike pozulidwa. N'zoona kuti mano ena amakhota chifukwa cha chibadwa, ndipo mwana amene akulephera kutafuna, kutseka pakamwa kapena kulankhula bwino ayenera kuonedwa ndi dokotala mosazengereza. Koma kukhota pang'ono kapena kampata ka pakati pa mano akutsogolo si matenda.

Dziko la Malaŵi linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo mu 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya dziko yosamalira mano ndi m'kamwa. Madokotala adzachuluka m'tsogolo, koma mano a mwana wa zaka 5 sangadikire. Mtengo wa mswachi ndi mankhwala ake ndi wochepa poyerekeza ndi ulendo umodzi wa ku Blantyre, ndipo kholo lanzeru liyambire pamenepo.