Mtolankhani pakhomo la sukulu

Tsiku la cisankho sukulu zathu zimasanduka malo ovotera. Mabenci amakankhidwira kumbali, bokosi limaikidwa pa tebulo, anthu amandanda kuyambira m'mamawa. Usiku mavoti akawerengedwa, ziwerengero zimalembedwa pa pepala limene amati edital, ndipo pepalalo limamatidwa pakhomo kuti aliyense aone. Maganizo anga ndi akuti mtolankhani azikhala pomwepo, awerenge pepalalo pa wailesi m'Cinyanja, popanda womuopseza.

Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Agogo a ku Cobué sangapite ku Metangula kukaona mmene mavoti akuphatikizidwira, ndipo ku Lichinga ndiye kutali kwambiri. Midzi ina ya m'mbali mwa nyanja imafikika bwino ndi bwato basi. Ciwerengero cikanyamuka pa sukulu osamveka kwa anthu, ndani angadziwe ngati cafika ku Maputo cili cimodzimodzi? Koma cikalengezedwa usiku womwewo, mudzi wonse wacisunga m'mutu.

Ufulu umenewu si mphatso ya munthu wina. Malamulo akulu a dziko a 1990 analola ufulu wolankhula ndi wolemba nkhani, ndipo mu 1991 kunatuluka lamulo la atolankhani, nambala 18/91. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Makolo athu anavota koyamba pa cisankho ca zipani zambiri kuyambira pa 27 mpaka pa 29 Okutobala 1994. Ambiri mwa iwo sankadziwa kuwerenga Cipwitikizi. Zonse anazimvera pa wailesi.

Tsono ufulu uli ndi malire ake, ndipo malirewo ndi abwino. Mtolankhani akafika pa malo ovotera amayamba waonetsa cikalata cake kwa oyang'anira tebulo. Sajambula pafupi ndi pobisika pamene munthu akuconga, cifukwa voti ndi cinsinsi. Safunsa anthu mafunso mkati mwa mamita 300 kucokera pa malowo. Misonkhano yokopa anthu imatha maola 48 tsiku lovota lisanafike. Ndiponso m'nyengo yokopa anthu saloledwa kufalitsa kafukufuku wonena kuti anthu ambiri akonda uje, mpaka bungwe la CNE litalengeza zotsatira. Lamulo lomalizali ena amalidandaula. Ine ndimaligwirizana nalo, pakuti kuno mawu a pa wailesi amalemera. Msodzi akamva kuti uje wapambana kale, akhoza kungokwera bwato lake osakavota.

Cina cimene ndimafuna kwa mtolankhani sicifuna wapolisi. Ngati wapatsa Frelimo nthawi yolankhula, apatsenso Renamo, MDM ndi zipani zina, ndipo awerenge mawu awo ndi liwu limodzi. Ana m'kalasi amazindikira msanga mphunzitsi wokondera, nanga akulu omvera wailesi? Asavale malaya a cipani ali pa nchito. Asalandire ndalama ya mafuta kwa wofuna mpando, ngakhale kuti ambiri ogwira nchito m'mawailesi a m'madera amalandira zocepa kapena salandira kanthu. Apa ndiye povuta, ndipo sindiwaweruza mopepuka.

Tiyang'ane kutsidya kwa nyanja, kumene mawailesi ake timawamva bwino. Ku Malawi cisankho ca pulezidenti ca 2019 cinathetsedwa ndi khoti pa 3 Febuluwale 2020. Zina mwa zimene oweruza anaona zinali mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Mlandu wonse unkaulutsidwa pa wailesi, ndipo anthu wamba anaphunzira kuti pepala la pa malo ovotera ndilo mutu wa nkhani. Anavotanso pa 23 Juni 2020.

Kwathu kuno, citatha cisankho ca pa 9 Okutobala 2024, anthu anakangana za ziwerengero kwa miyezi, ambiri anafa pa zionetsero, ndipo intaneti ya m'mafoni inkadulidwa masiku ena. Atolankhani ena anapopedwa utsi wokhetsa misozi ku Maputo ali pa nchito. Nkhani zoona zikasowa, mphekesera ndi zimene zinkayenda pa msika ndi pa doko.

Pa cisankho cikubweraci ndikupempha akulu a STAE m'boma la Lago kuti apereke zikalata kwa atolankhani nthawi ikadalipo, makamaka kwa iwo olankhula Cinyanja ndi Ciyao, ndipo ngati pali bwato lonyamula mabokosi kupita ku midzi ya kumpoto, muzikhala malo a mtolankhani mmodzi.