Golf ya malemu achimwene yadzukanso

Sabata yatha ndinalonjeza kuti tikambirana za mitengo ya tomato, koma pepani, lero ndapatuka pang'ono. Ambiri mwakhala mukundiimitsa pa depoti kufunsa za kagalimoto kofiira kamene munandiona nako Loweruka kakulira ngati njuchi zakwiya. Ena mwayamba kale kunong'onezana kuti mkulu wogulitsa ndowa uja waipeza kuti ndalama, eti? Khalani pansi ndikuuzeni ndekha, musamvere kwa ena.

Poyamba penipeni, galimoto ija si yanga. Ndi Volkswagen Golf GTI ya 1983 imene malemu achimwene anga anabwera nayo kuchokera ku Joni mu 1996. Anaiyendetsa okha kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kudzalowera pa Mwanza. Tsiku limenelo ana a m'dera lathu anaithamangira mpaka pakhomo. Achimwene anatisiya mu 2014, ndipo kuyambira pamenepo Golf inangokhala pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Zaka 9 zathunthu.

Mu 2023 kunabwera anyamata ogula zitsulo zakutha. Abale ena akumudzi atamva, anayamba kale kuwerengera kuti aliyense apatapo zingati. Apa ndinakana. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana a malemu patsogolo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Galimotoyo ndi ya alamu anga ndi mwana wawo wamwamuna, basi. Alamu anandiitanira kuseri n'kunena kuti, "Alamu, ine ndalama yoikonzera ndilibe, koma kuigulitsa pa sikelo ngati mbaula yakutha mtima ukukana. Ngati mungathe idzutseni, mwanayu adzayendere ya bambo ake." Ndinavomera msangamsanga, osadziwa kuti ndasenza chiyani. Walira mvula walira matope.

Mwina mukuti chodabwitsa n'chiyani pa kagalimoto kokhala ngati bokosi la machesi. Tamverani. Golf GTI inayamba kugulitsidwa ku Germany mu 1976. Thupi lake analijambula ndi Mtaliyana, Giorgetto Giugiaro, koma maganizo oika injini yaukali m'kagalimoto ka banja anali a kagulu ka antchito a kampaniyo amene ankaipanga mwakachetechete, mabwana asanavomereze. Yoyambayo inali ndi injini ya 1.6, mphamvu ya mahatchi 110, kulemera makilogalamu 810 okha, ndipo inkafika makilomita 182 pa ola. Mabwana ankati apanga 5,000 basi, koma anthu anaikonda moti za mtundu woyambawu zinapitirira 450,000. Mu 1982 anakuza injini kufika 1.8, ndiye imene ili mu yathuyi. Mumaizindikira ndi kamzere kofiira kozungulira kumaso kwake.

Mwayi wathu uli apa. Azungu a ku Ulaya atasiya thupi limeneli, fakitale ya ku Uitenhage ku South Africa inapitiriza kulipanga pa dzina la Citi Golf kuyambira 1984 mpaka 2009. Ndiye kuti magalasi, mabushi, mabuleki ndi zina zambiri zimalowana, ndipo anzathu oyenda ku Joni amatha kukubweretsera m'chikwama pamodzi ndi katundu wawo.

Tsopano ndiulule uchitsiru wanga, poti munthu wamkulu sabisa pamene anagwera. Chinthu choyamba chimene ndinagula ndi penti. Inde, penti, pamodzi ndi malimu onyezimira. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wopopera amene anamata fila paliponse pamene panali bowo, n'kupopera, galimoto n'kuwala ngati mkwatibwi. Inali isanalire ndi kamodzi komwe, koma ine ndinkangoizungulira ndikumwetulira. Mvula itagwa miyezi iwiri, penti inayamba kutupa matuza, ndipo nditakanda ndi chala fila anagwa ngati chikhokho cha nsima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choipitsitsa n'chakuti ndalama ya pentiyo ndinaitapa pa mpamba. Ndinkati ndibweza ikatha mwezi. Kenaka mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo nonse mukukumbuka zimene zinachitika kooda. Ndalama imene inkadzaza benchi langa ndi ndowa ndi mabeseni inangokwanira theka. Khirisimasi imeneyo, nyengo yoti munthu apange kenakake, ine ndinkabweza makasitomala kuwalozera kwa mnzanga woyandikana naye. Mayi a kunyumba sanakalipe. Anangondiyang'ana usiku wina n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, kodi fizi ya Januwale tikalipira ndi malimu aja?" Ndinasowa pogwira.

Kuyambira tsiku limenelo tinaika lamulo. Mpamba sukhudzidwa. Ya galimoto izichokera pa phindu lokha, pang'ono Loweruka lililonse, m'kachitini kamene kiyi wake amasunga ndi mayi. Chilichonse chogulidwa chizilembedwa m'kope, alamu azionanso. Malimu aja ndinagulitsa moluza.

Kenaka ndinapeza mdala wina ku Ndirande amene anagwirapo ntchito m'magalaja a ku Joni. Anaizungulira galimoto ali ndi maginito m'manja. Pamene maginito akukana kumata, amati apa palibe chitsulo, ndi fila yekhayekha. Atamaliza anati, "Achimwene, mwayamba ndi kudzola mafuta musanasambe. Galimoto yogona imadzutsidwa chonchi: dzimbiri, mabuleki, njira ya petulo, injini, magetsi. Penti ndi womalizira." Ndinangoti, "Ndamva madala." Safunsa anadya phula, ine ndinali nditadya kale.

Dzimbiri pa Golf yakale lili ndi malo ake okondedwa. Yang'anani m'makona a galasi lakutsogolo, pokhala batire, pansi popondera mapazi, m'munsi mwa zitseko, pogona tayala la sipeya, pamwamba pomangira mashoko, ndi paipi yothirira petulo. Yathu inali itadyeka pansi mbali ya dalaivala moti unkaona dothi. Mankhwala ake ndi amodzi, kudula chowola chonse mpaka ufike pa chitsulo chamoyo, kuwotcherera chatsopano, n'kupaka mankhwala oteteza mbali zonse ziwiri. Musanawotcherere chotsani thanki ndi batire, chifukwa fungo la petulo wotsalira limaphulika kuposa petulo weniweniyo. Ntchito imeneyi yokha inatidyera miyezi 4, poti magetsi akathima ndiye kuti tsiku lapita.

Mabuleki tinasintha pafupifupi zonse. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, n'chifukwa chake amayenera kusinthidwa pakatha zaka 2 zilizonse, ndiye taganizani atakhala zaka 9. Mapaipi a labala anali ong'aluka, kumbuyo zonse zitagwirana. Mdala uja anandionetsanso kuti pa Golf zakale za chiongolero cha kumanja, chopondera buleki chimalumikizidwa ndi kamtengo kachitsulo kodutsa mpaka mbali ya kumanzere. Kakakhala ndi mpata, buleki imamveka ngati waponda siponji. Matayala nawo ankaoneka a mano, koma pambali pa tayala pamakhala manambala 4 onena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Athu anali okalamba kuposa mwana wanga wa Fomu 1. Tinataya onse.

Nkhondo yeniyeni inali pa petulo. GTI ilibe kabuleta. Ili ndi makina a Bosch otchedwa K-Jetronic, amene pampu ya magetsi imakankha petulo mwamphamvu kupita ku kachipangizo kogawa, ndipo iko kamatumiza ku ma injector 4 molingana ndi mpweya umene injini ikukoka. Mulibe kompyuta yoti mulumikize, zonse ndi zitsulo zoyenda mwa muyeso wosalola ngakhale kamchenga. Petulo akagona zaka amasanduka phula n'kumata kapisitoni ka m'kati. Onjezani kuti petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto, koma pa yogona ethanol amakoka madzi, thanki n'kuchita dzimbiri m'kati, mapaipi akale a labala n'kufewa.

Amakaniko atatu anandiuza kuti tizule zonsezo tiike kabuleta ya Citi Golf, mawa lomwe iyenda. Kunena zoona ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa inali njira yotchipa. Mdala anati, "Mukatero iyendadi, koma mwanayo mudzamupatsa Golf wamba yovala malaya a bambo ake." Tinatsuka thanki, kusintha pampu, sefa ndi mapaipi, ndipo kogawa petulo kaja anakatsegula pa nsalu yoyera ngati dokotala. Ma injector tinadikira miyezi 3 kuti abwere kuchokera ku Joni.

Injini yogona simangoikapo batire n'kutembenuza kiyi. Tinachotsa mapulagi, kuthira timafuta m'mabowo, kudikira masiku angapo, kenaka kuizunguza ndi sipana pang'onopang'ono mpaka inamasuka. Oyilo watsopano, sefa yatsopano, pampu ya madzi, ndi lamba wa timing, chifukwa lamba wokalamba amaduka osatsanzika. Ku magetsi makoswe anali atachita phwando, ndipo madzi odontha pa galasi ankagwera pa bokosi la mafyuzi. Theka la mavuto linatha titangopala mawaya a earth kuti agwire chitsulo choyera.

Tsiku loiliza ndinaitana alamu ndi mwana wawo. Kiyi woyamba, zii. Wachiwiri, inatsokomola. Wachitatu inagwira, utsi kuti tolo, nkhuku za aneba kubalalika. Nditacheuka ndinaona alamu atakhala pa njerwa, chitenje chili kumaso. Anati, "Ndi mmene inkamvekera akamafika usiku. Ndinkadziwira pamenepo kuti ndiike madzi pamoto." Palibe anayankha. Ngakhale mdala uja anapita kukafuna sipana imene inali m'thumba mwake momwe.

Penti inabwera pomaliza monga ananenera, kenaka inshuwalansi ndi COF ku Road Traffic. Zonse pamodzi zatitengera zaka ziwiri ndi miyezi. Mukandifunsa ngati ndi bizinesi yanzeru, ndikuuzani mosabisa kuti ayi. Titawonkhetsa za m'kope muja, ndalamayo ikanatha kuyandikira kagalimoto kakang'ono ka ku Japan kosamwa mafuta, kokhala ndi zipangizo pa shopu iliyonse. Golf iyi ndi yotsika, pa mahampu imafuna ulemu, ndipo thumba la makala silingakwane bwino kumbuyo. Amene mukufuna galimoto yokaodera tomato ku Ntcheu kapena ku Bvumbwe, iyi si yanu.

Koma amene muli ndi yakale yogona pakhomo ndipo mtima ukukana kuitaya, tengani izi kwa ine amene ndinapsa kale. Gwirizanani kaye kuti mwini wake ndani, mapepala ali m'dzina la yani, musanagule ndi bawuti imodzi. Lowani pansi ndi tochi musanayang'ane pamwamba. Funsani kumene zipangizo zikapezeke musanamasule kanthu. Makaniko muzimulipira ntchito imene yatha, osati imene walonjeza. Ndipo mpamba ausiye, chifukwa benchi likauma galimotoyo simudzaithira ngakhale lita imodzi.

Loweruka lija munandiona ndinali kuiyesa komaliza pa msewu wa ku Zomba. Ndinaipondako pang'ono, ndivomere, ndipo ndinamvetsa chimene achimwene ankachedwera kufika kunyumba. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinapereka makiyi kwa alamu, iwo n'kupatsira mwana wawo, amene watenga laisensi chaka chino. Ndamuuza kuti ndikadzangomva kuti akupikisana ndi maminibasi pa Chipembere Highway, ndidzachotsa batire ndi manja angawa. Kope lija ndamupatsanso, aziwerenga akafuna kuthamanga.

Ndiye mukandiona Lolemba ndikukanganirana mpando mu minibasi ya ku Limbe, musadabwe, ndabwerera pa mzere wanga. Abale akumudzi aja akuti akufuna adzakwereko pa ukwati wa mwezi wamawa. Ndawauza kuti akapemphe kwa mwini wake. Za tomato tikambirana sabata ya mawa, Mulungu akalola.