Anthu a ku Kalomwe, musawotche mapepala akale a inshuwaransi

Mafumu athu, atsogoleri a mipingo, amalonda, abale ndi alongo a ku Kalomwe ndi Angonia yense,

Tikulemba ndife gulu la anthu wamba okhala kuno amene tikudera nkhawa madzi a m'zitsime zathu. Pempho lathu likukhudza mapepala amene ambiri timawaona ngati zinyalala.

Amene wayimapo pamsewu wa pachipata chopita ku Dedza akudziwa zimene tikunena. Malole andandana, makaniko ali chagada kunsi kwa injini, ndipo oyilo wakuda akukhuthulidwa pansi kuseri kwa galaja. Mvula yoyamba ikagwa, oyiloyo amatsata ngalande kutsikira kumadimba kumene kuli kabichi ndi kachewere wathu. Onjezanipo mathanki a mafuta okwiriridwa pansi, ndi zigubu za mankhwala a mbewu zimene zilembo zake zinafufutika kalekale. Poizoni akalowa m'nthaka amakhalitsa kuposa bizinesi imene inamutaya. Mwini wake amasamuka kapena kumwalira, kampani imasintha dzina. Nanga tsiku limene chitsime chidzanunkhe, adzalipire ndani?

Anthu a ku America anakumana nalo funsoli pa malo ochapira masuti ndi mankhwala m'malo mwa madzi. Mankhwalawo, otchedwa perchloroethylene, ndi olemera kuposa madzi. Akadontha amadutsa simenti, n'kumira mpaka kumadzi a pansi pa nthaka, n'kukhala komweko zaka makumimakumi. Madokotala amawakayikira kuti amayambitsa khansa. Kuyeretsa malo amodzi kumadya ndalama zoposa mtengo wa sitoloyo, ndipo eni ake ambiri anali mabanja wamba. Chimene chinawapulumutsa ambiri ndi mapepala akale. Inshuwaransi imene ankagula chisanafike chaka cha 1986 inkalonjeza kulipira zowonongeka zimene zachitika m'chaka chimene munthu walipira, ngakhale zitadzadziwika patapita zaka 30. Kuyambira cha m'ma 1986 makampani anayamba kulembamo mawu okaniratu kulipira za kuipitsa nthaka ndi madzi, koma lonjezo la m'mapepala akale silinafe. Mu 1996 khoti lalikulu la chigawo cha Indiana linagamula mlandu wa pakati pa kampani ya inshuwaransi ndi mwini malo ogulitsira petulo amene thanki yake inadontha pansi, ndipo linakomera mwini maloyo. Mpaka lero kuli akatswiri amene ntchito yawo ndi kufufuza mapepala otere m'makatoni ndi m'mabuku a owerengera ndalama. Ngakhale lisiti lokhala ndi nambala ya inshuwaransi limawathandiza kuyamba.

Malamulo a kumeneko si athu, koma athu nawo sanakhale chete. Lamulo la chilengedwe la dziko la Mozambique, nambala 20/97, likunena kuti wochita ntchito imene ingawononge kwambiri chilengedwe ayenera kukhala ndi seguro, ndiye kuti inshuwaransi, ndipo wowononga kwambiri alipire anthu ovutikawo ngakhale sanachite dala. Malamulo a migodi a mu 2004 amafunanso kuti mwini mgodi waukulu aike chikole chokonzera malo akadzatseka. Ndi angati mwa ife anafunsapo kuti aone pepala lotere?

Pali chinanso chotithandiza. Boma litakhazikitsa EMOSE mu 1977, inali kampani yokhayo ya inshuwaransi m'dziko muno mpaka 1991. Choncho pa zaka zimenezo khomo logogoda ndi limodzi. Vuto lili kwa ife. Nthawi ya nkhondo, pamene mabanja athu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, mabuku ambiri a masitolo ndi a minda ya boma anapsa kapena kubalalika. Zochepa zimene zinapulumuka zili m'mabokosi a malata kunsi kwa bedi, chiswe chikuzidya, zina tikukolezera moto kapena kukulungira mandasi. Zimatiwawa kwambiri tikaona zimenezi.

Sitikukulonjezani kuti pepala lililonse lidzabala ndalama. Ambiri adzapezeka kuti ndi a galimoto kapena a moto basi, ndipo mawu ake ayenera kuwerengedwa ndi wodziwa malamulo. Koma popanda pepala, palibe poyambira. Taonani ku Kabwe, ku Zambia. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana akudwalabe ndi fumbi lake. Mlandu wawo unakasumidwa ku Johannesburg mu 2020, patapita zaka 26, ndipo mu Disembala 2023 khoti linakana kuti anthuwo asumire pamodzi, mwakuti anachita apilo. Ana obadwa mgodi utatsekedwa akhala makolo akudikira.

Tikupempha tsono inu amene bambo kapena agogo anu anali ndi galaja, chigayo, sitolo ya mankhwala a mbewu kapena malole: tsegulani mabokosiwo. Pepala lililonse la seguro, lisiti, kalata ya lendi kapena chiphaso cha malo muziike m'pulasitiki, muzijambule ndi foni, chithunzicho musungitsenso kwa mbale wina. Okalamba amene akukumbukira pamene panakwiriridwa zigubu kapena thanki atisonyeze akadali ndi mphamvu, tilembe, tikapereke ku maofesi a boma ku Ulongwe. Wofuna womuwerengera mapepala apite ku IPAJ, kumene boma limathandiza osauka pa za malamulo.

Ndipo inu mafumu athu, munthu akabwera kudzapempha malo oikapo thanki ya mafuta kapena nyumba ya mankhwala, musavomere asanakuonetseni inshuwaransi yake. Mufunse ngati ikulipira nthaka ndi madzi zikaipitsidwa, ndipo kope lake litsale m'manja mwanu.